Njinga Yosapumitsa Miyendo

Munthu woimirira m'mamawa m'mbali mwa mseu wocokera ku Kasisi kunka ku Lusaka aona njinga zambiri zirikupita ku mzinda, zina zitasenza matumba a makala, zina madengu a matimati ndi ndiwo zamasamba, zina zigubu za mkaka. Pa citunda eni ace atsika nayamba kukankha. Koma pofika pa matsitso akweranso, naleka kupalasa, miyendo iri phee pa mapedulo, njinga irikuthamanga yokha, ndipo ku gudumu la pambuyo kumveka kaphokoso konga ka nkhululu. Kaphokoso kameneko ndi mau a filiwilo, kacitsulo kamene kalola gudumu kuzungulira pamene cheni caima. Okwera ambiri ayesa kuti njinga inabadwa nako. Iai. Njinga zoyamba zinalibe filiwilo, ndipo wokwerapo sanali kupumula konse kufikira atatsika. Filiwilo inafala pakati pa anthu wamba zaka zowerengeka cabe mishoni ya Kasisi isanamangidwe, kotero kuti ziwirizi ndi za msinkhu umodzi.

Bambo Jules Torrend, wansembe wa gulu la Ajezuiti wobadwira ku France, anafika ku Kasisi kumapeto kwa caka ca 1905. Anali atagwira nchito zaka zambiri m'dziko la Apwitikizi ku cigwa ca Zambezi, ndipo m'caka comweco anathandiza Bambo Joseph Moreau kuyamba mishoni ya Chikuni pakati pa Atonga, asanapitirire kumpoto kudzamanga pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere. Masiku amenewo Lusaka sunali mzinda. Panali mudzi wa nyakwawa Lusaaka ndi kasiteshoni ka njanje imene inali kumangidwa kulinga ku Broken Hill, kumene inafika mu 1906. Munthu akatsika pa njanjepo anali kuyenda pansi, kapena kunyamulidwa m'macila, kapena kutsata ngolo ya ng'ombe. Njira zinali za mapazi, zopapatiza ndi zokhotakhota. Kavalo sanali kukhalitsa m'madera ambiri cifukwa ca kashembe. Pa njira zotere njinga inapeza malo ace msanga, pakuti idutsa ponse pamene munthu adutsa, siidya udzu, kashembe sailuma, ndipo pa mtsinje wopanda ulalo munthu aisenza pa phewa naoloka nayo. Ansembe a mishoni zosiyanasiyana ndi mabwana a boma oyendera midzi ndiwo anayamba kuionetsa kwa anthu m'dziko la Northern Rhodesia.

Koma njinga imene inafika kunoyo inali kale ndi mbiri yaitali. Mu 1817 Mjeremani wina, Karl von Drais, anayenda m'miseu ya Mannheim pa cinthu ca matabwa ca magudumu awiri otsatana, akudzikankha ndi mapazi pansi. Cinthuco cinalibe mapedulo. M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku Paris, amene ochuka mwa iwo ndi Pierre Michaux ndi Pierre Lallement, anamanga mapedulo pa ekiselo ya gudumu la kutsogolo. Tsono miyendo ikazungulira kamodzi, gudumu linali kuzungulira kamodzinso, ndipo wofuna liwiro analibe nzeru yina koma kukulitsa gudumulo. Analikulitsadi, kufikira m'zaka za m'ma 1870 linali kufika m'cifuwa mwa munthu, mainchi 50 ndi kuposerapo, kagudumu kakang'ono kakutsata pambuyo. Wokwerapo anakhala pamwamba ngati pa nsanja yoingira anyani, ndipo kamwala kakang'ono kanali kokwanira kumgwetsa cadodolido.

Amene anacotsa ngoziyo ndi John Kemp Starley wa ku Coventry. Mu 1885 anaturutsa njinga yochedwa Rover, ya magudumu pafupifupi olingana, mapedulo ali pakati, ndi cheni copereka mphamvu ku gudumu la pambuyo. Cheni colimba ca mtundu umenewo cinali citakonzedwa ndi Hans Renold ku Manchester mu 1880. Mu 1888 John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto ku Belfast, anapanga tayala lopopera mpweya pofuna kuti mwana wace ayende mofewa pa miyala. Kuyambira pamenepo maonekedwe a njinga sanasinthe kwenikweni. Munthu wa mu 1890 ataona njinga ya makala ya pa mseu wa Kasisi angaizindikire nthawi yomweyo.

Cimene cingamdabwitse ndi kupumula kwa miyendo kuja. Pa njinga za nthawi yace sipuloketi, ndiko kuti kagudumu ka mano ka pambuyo, inali yomangika pa habu, osasuntha payokha. Gudumu likazungulira, sipuloketi izungulira, cheni ciyenda, mapedulo azungulira, ndi miyendo ya munthu itsata, afune asafune. Akapalasa cobwerera m'mbuyo, njinga ibwerera m'mbuyo. Akafuna kucepetsa liwiro aumitsa miyendo, nalimbana ndi mapedulo. Ku England njinga yotere aicha fixed wheel, gudumu lomangika. Pa matsitso akuru okwera ena anali kucotsa mapazi ndi kuwaika pa tizitsulo tomangidwa pa foloko ya kutsogolo, mapedulo akuzungulira okha ngati openga, ndipo wofuna kuwapezanso anali kudikira kufikira phiri litatha.

Filiwilo inayamba kugulitsidwa kwambiri ca m'ma 1898. M'kati mwace muli timano tiwiri tokhala pa masipuling'i, timene tigwira pamene munthu apalasa, nititerereka pamene aleka. Kuterereka kumeneko ndiko kulira kwa nkhululu kuja. Popeza miyendo sinathenso kuimitsa njinga, panafunika mabuleki enieni, ndipo anabwera mabuleki a ndodo zacitsulo ogwira pa rimu, amene okalamba onse awadziwa. Mu 1902 ku Nottingham kunaturuka habu ya Sturmey-Archer yokhala ndi magiya atatu m'kati mwace. Mu 1903 Ernst Sachs wa ku Schweinfurt anaturutsa habu ya Torpedo, yokhala ndi filiwilo ndi buleki pamodzi, yoima munthu akapondereza mapedulo m'mbuyo. Cotero pamene Bambo Torrend anali kudula mitengo ya nyumba yace yoyamba ku Kasisi, wogula njinga ku Ulaya anali atayamba kale kufunsa ya filiwilo, ndipo ndiyo imene masitolo anatumiza ku Africa.

Othamanga mipikisano okha ndiwo anakana kusiya gudumu lomangika, ndipo anali ndi cifukwa. Njinga yotere ndi yopepuka, iribe zitsulo zambiri zoonongeka, ndipo mphamvu ya mwendo ifika pa tayala mosatayika. Henri Desgrange, amene anayambitsa mpikisano wa Tour de France mu 1903, anali kunyoza magiya osinthasintha, ndipo kacitsulo kosinthira cheni sikanaloledwe kwa onse mu mpikisanowo kufikira 1937. Ku England anyamata a makalabu anali kuyenda pa gudumu lomangika nyengo yonse yozizira kuti miyendo izolowere. Mu 1956 mmodzi wa iwo, Ray Booty wa ku Nottingham, anathamanga mamailosi 100 pa maora 3, mphindi 58 ndi masekondi 28 pa njinga ya Raleigh ya giya imodzi yomangika. Munthu anali asanatsikepo pansi pa maora anai pa mpikisano wotere. Eddy Merckx wa ku Belgium anayenda makilomita 49.431 pa ora limodzi ku Mexico City mu 1972, pa njinga yopanda filiwilo ndi yopanda buleki. Kufikira lero mipikisano ya m'mabwalo ozungulira ithamangidwa pa njinga zotere.

Kuno kwa eni migodi ndi njanje mbiri inayenda njira yina. Migodi ya mkuwa itatseguka, Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, ndi Nkana, Mufulira ndi Nchanga m'zaka zotsatira, amuna zikwi zambiri anayamba kulandira ndalama pa tikiti. Ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland anali ambiri pakati pao, monganso ku migodi ya Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg. Munthu wobwerera ku mudzi anali kuweruzidwa ndi katundu wace: sutikesi, bulangeti, makina osokera, galamafoni, ndipo kuyambira 1949 kawailesi kaja ka mtengo wocepa kooneka ngati sefuliya, komvera mau a ku Lusaka. Koma pamwamba pa zonsezi panali njinga. Wobwera wopanda njinga anali kufunsidwa kumene anakhala zaka zonsezo. Njinga yatsopano inali kufika pa mudzi itakulungidwabe mapepala pa felemu, mwini akuikankha pa malo a minga, ndipo usiku inali kugona m'nyumba pamodzi ndi anthu.

Sikuti inali ya ulemu wokha. Amalonda a nsomba anali kupalasa masiku ambiri kucokera ku nyanja za Mweru ndi Bangweulu kufikira ku makomboni a migodi, mitolo ya nsomba zouma itaunjikidwa pa keliyala kupitirira mutu wao, ndipo ambiri amene pambuyo pace anagula malole ndi kutsegula masitolo anayambira pomwepo. Aphunzitsi a m'midzi, akatekisiti, amesenjala a boma ndi akapitao a miseu onse anayendera njinga. Boma nalo linaona kuti pali ndalama, niliika msonkho wa njinga, umene anthu sanaukonde. Ndipo kulimba kwa njinga wamba kunaonetsedwa ndi mlendo wina wa mtundu umodzi ndi ansembe ndi masisitere a ku Poland amene anadzasunga mishoni ya Kasisi ndi nyumba yace ya ana amasiye. Kazimierz Nowak anayamba ulendo wace kumpoto kwa Africa mu 1931 pa njinga yakale ya Brennabor, nadutsa Egypt, Sudan, Congo ndi Northern Rhodesia, nafika ku mapeto a dziko kum'mwera mu 1934, nabwereranso kumpoto pa njira yina, mwina pa njinga, mwina pa bwato, pa kavalo ndi pa ngamila, kufikira 1936. Anamwalira caka cotsatira, thupi litatha ndi malungo.

Njinga za zaka zimenezo sizinathe zonse. Zina ziri m'nkhokwe, zina zapacikidwa pa mitanda ya makhicini, zina zikuyendabe, ngakhale kuti cotsala ca ku England ndi felemu yokha. Ndipo munthu wodziwa kuwerenga zitsulo angathe kunena kumene inacokera ndi nthawi yace. Pa mphumi pa felemu pali cizindikiro. Raleigh, imene Frank Bowden anaikulitsa kucokera pa kashopu ka mu Raleigh Street ku Nottingham kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, iri ndi mutu wa kakowa, ndipo kakowa yemweyo aonekanso wobooledwa m'mbale ya mano ya pa mapedulo. BSA iri ndi mfuti zitatu zoimiritsidwa pamodzi, pakuti eni ace ku Birmingham anayamba ndi kusula mfuti. Rudge iri ndi dzanja lotambasula. Humber izindikirika ndi tianthu togwirana manja m'mbale ya mano, ndi foloko ya timipope tiwiri mbali iriyonse. Phillips iri ndi mkango. Komatu dzina lokha linganamize. Raleigh inagula Humber mu 1932, Rudge mu 1943, ndi njinga za BSA mu 1957, ndipo mu 1960 inaphatikana ndi kampani ya eni Phillips ndi Hercules. Kuyambira pamenepo maina ambiri anali kuturuka pa khomo limodzi ku Nottingham. Mikangano yambiri ya pa bwalo la mowa, yakuti Humber iposa Raleigh, inali mikangano ya ana a mai mmodzi.

Mboni yosanama ndiyo habu ya Sturmey-Archer, pakuti pa thupi lace anali kudinda caka ndi mwezi. Munthu akapukuta girizi napeza 56 ndi 7, habuyo inapangidwa mu July 1956. Mboni yina ndi mazinga. Makampani ambiri a ku Britain anadula mazinga 24 pa inchi m'bowo la ekiselo ya mapedulo, koma Raleigh inadula 26. Mmisiri wosadziwa akakakamiza kapu ya mazinga 24 m'felemu ya Nottingham, ilowa pang'ono, niuma, ndipo akaonjeza mphamvu pa sipanala mazinga aphwanyika. Mafelemu abwino ambiri anafa imfa imeneyi m'manja mwa anthu a mtima wabwino.

Kuyambira zaka za m'ma 1980 anyamata onyamula makalata pa njinga ku New York ndi mizinda yina anabwerera ku gudumu lomangika cifukwa siricedwa kukonza ndipo akuba salipeza ndi zambiri zomasula. Itapita 2000 cinasanduka cizolowezi ca anyamata a m'mizinda ya maiko ambiri, ofunafuna mafelemu akale, zishalo za cikopa za Brooks, ndi mipope ya Reynolds 531 imene inayamba mu 1935, nalipira mitengo yoti wogulitsa makala angagule nayo njinga zingapo. Cimene iwo afuna ndi ndalama, amisiri ena a m'midzi anacipeza kale ndi umphawi: filiwilo ikatha timano, yatsopano kulibe, aiwocherera kuti ikhale citsulo cimodzi, ndipo mwini apalasa osapuma kufikira atapeza ndalama.

Felemu yakale ya mtundu wa Raleigh ndi yoyenera nchito imeneyi, cifukwa mabowo a ekiselo ya pambuyo atsegukira kumbuyo, ndipo ali ndi timabauti tokokera gudumu kuti cheni cikungike. Mmisiri ayamba wayang'ana felemu ngati iri ndi ming'alu pa mfundo, kapena makwinya pansi pa khosi, cizindikiro cakuti inagundapo cinthu. Aturutsa makotapini ndi nyundo, atacirikiza citsulo pansi kuti asaphwanye mabolo a m'kati. Atsuka zonse m'parafini, naika mabolo atsopano ndi girizi. Pamenepo asankha giya, ndipo apa pafunika masamu pang'ono. Mbale ya mano 46 ndi sipuloketi ya mano 18, pa gudumu la mainchi 28, ziyendetsa njinga mamita 5.7 miyendo ikazungulira kamodzi. Kucokera ku Kasisi kufika pakati pa Lusaka ndi makilomita ngati 30, ndiko kuti miyendo izungulira koposa ka 5,000, ndipo pa gudumu lomangika palibe ngakhale kamodzi kokhululukidwa. Sipuloketi ya mano 22 ipereka mamita 4.7, ipeputsa zitunda, koma pa matsitso ithamangitsa miyendo ngati ya nkhuku yothawa kabawi. Cheni ciyenera kuyenda mowongoka kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo, cosathina ndi cosalendewera.

Pali cinthu cimodzi cimene munthu sayenera kucita mwaulesi. Sipuloketi yomangika ilowa bwino pa mazinga a habu wamba, pamene panali filiwilo, ndipo wosadziwa ayesa kuti nchito yatha. Koma mazinga amenewo athina pamene munthu apalasa kunka kutsogolo, namasuka akaumitsa miyendo kuti aime. Tsiku lina, pa matsitso, sipuloketi ingomasuka, miyendo niikhala yopanda cogwira. Habu yeniyeni ya gudumu lomangika iri ndi mazinga a mitundu iwiri: oyamba a sipuloketi, ndi aciwiri, ocepa pang'ono, oyenda camanzere, a mphete yotsekera. Sipuloketi ikafuna kumasuka ikankha mpheteyo, ndipo mphete ithina kuposa kale. Anyamata a m'mizinda acotsanso mabuleki kuti njinga ioneke yoyera ngati ya m'bwalo la mpikisano. M'bwalo mulibe mbuzi, mulibe ana a sukulu, mulibe malole a mcenga. Pa mseu wa Great East, kucotsa buleki ya kutsogolo ndi kupusa cabe. Cheni cotere sicikhululukiranso cala ca wopukuta kapena mwendo wa buluku, pakuti gudumu likazungulira siciima, ndipo pa ngodya pedulo lingagunde pansi cifukwa wokwera sangaliimike m'mwamba. Kunena za matumba anai a makala, gudumu lomangika siliyenera konse. Wonyamula katundu afunika kupumula pa matsitso, ndipo filiwilo inapangidwira iyeyo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndi malire a kum'mwera atabvuta kuyambira 1965, njinga za ku England zinacepa m'masitolo. M'malo mwace munalowa za ku India ndi ku China, Hero, Atlas, Avon, Phoenix, zotengera maonekedwe a Raleigh yakale, mabuleki a ndodo ndi makotapini omwe. M'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inali kulumikiza njinga za Eagle, zimene alimi a kum'mawa azikumbuka. Ubwino wa kutengera kumeneku ndi wakuti masipeya ambiri a pa msika wa lero alowabe pa felemu ya mu 1950. Kuipa kwace ndi kwakuti citsulo ca zina cinali cofewa, ndipo mapedulo ndi masipoko sizinali kutha caka. Ku Nottingham komweko Raleigh inaleka kupanga njinga mu 2002. Mafelemu otsala kuno sadzabweranso ena, ndipo ogula zitsulo zakutha, amene ayenda m'midzi ndi sikelo, salipira cizindikiro ca kakowa. Alipira kulemera kokha.

Ku Kasisi, sukulu ya ulimi imene Ajezuiti anatsegula mu 1974, motsogozedwa ndi Mbale Paul Desmarais wa ku Canada, inakhala ndi nyumba yosulira ndi kukonza zipangizo zokokedwa ndi ng'ombe, pa ganizo lakuti mlimi apindula ndi cipangizo cimene cingakonzedwe pa mudzi pomwepo. Ganizo lomwelo ndilo linabala njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief, loyambidwa mu 2005, linafalitsa m'Zambia, ndipo ana a sukulu a m'boma la Chongwe ndi alimi a mkaka a ku Palabana anali pakati pa oilandira kapena kuigula poyamba. Iri ndi giya imodzi, felemu yolemera yacitsulo, ndi keliyala yonyamula makilogalamu 100. Buleki yace iri m'habu ya pambuyo, ya mtundu uja wa Torpedo wa mu 1903: wokwera akafuna kuima apondereza mapedulo m'mbuyo, monga anali kucitira okwera Rover ya Starley, koma pa matsitso miyendo ipumula. Habu yotere iribe timano tolira, kotero kuti pakati pa njinga zotsika m'mamawa kucokera ku Kasisi, Buffalo ya zigubu za mkaka idutsa cete, kungomveka matayala pa miyala.